Kukaona Mauritius M'nyengo ya Zikondwerero za Amwenye: Kayendedwe Kake

Ambirife Mmwenye timamudziwira kuseri kwa kauntala. Timagula nsalu ku Limbe kapena malata ku Area 2, kulandira chenji, n'kumapita. Mapemphero ake, maukwati ake, nyimbo zimene agogo ake ankaimba, zonsezo zimachitikira kuseri kwa mpanda ndipo sitiziona. Ku Mauritius, chilumba cha m'nyanja ya mchere ya India, kulibe mpanda umenewo. Wodula nzimbe, kondakitala wa basi, wapolisi, mayi wogulitsa matimati, ngakhale nduna yaikulu, ambiri ndi zidzukulu za anthu ochokera ku India, ndipo zikondwerero zawo amachitira pamsewu, aliyense akuona. Ndiye ngati mwasunga kandalama koti mukaone dzikoli, musakathere masiku onse mutagona pamchenga wa hotela. Mchenga tili nawo ku Mangochi. Yendani motere.

Choyamba: sankhani chikondwerero, tikiti ibwere pambuyo

Masiku a zikondwerero za Chihindu amatsata mwezi wakumwamba, choncho amasuntha chaka ndi chaka. Maha Shivaratri, chikondwerero cha mulungu wawo Shiva, pamene anthu amayenda wapansi kukatunga madzi kunyanja yopatulika ya Ganga Talao, chomwe ndi chachikulu kuposa zonse pachilumbachi, chinachitika pa 18 Febuluwale mu 2023, pa 8 Malichi mu 2024, ndi pa 26 Febuluwale mu 2025. Boma la Mauritius limatulutsiratu mndandanda wa maholide a chaka chotsatira. Uoneni kaye pa intaneti musanalipire ndege.

Cavadee, cha Atamil (mtundu wochokera kummwera kwa India), chimagwa mu Januwale kapena kumayambiriro kwa Febuluwale. Ganesh Chaturthi ndi cha mu Ogasiti kapena Seputembala, pamene mabanja amanyamula ziboliboli zadothi za Ganesh, mulungu wawo wamutu wa njovu, kukazimiza kumtsinje kapena kunyanja. Divali, chikondwerero cha nyale, ndi cha mu Okutobala kapena Novembala.

Pali msampha umodzi. Cavadee ndi Maha Shivaratri zimagwa mkati mwenimweni mwa nyengo ya namondwe, yomwe imayamba mu Novembala mpaka Epulo. Freddy amene anatiliza kuchigawo cha kummwera mu Malichi 2023 anali atadutsa kumpoto kwa Mauritius pa 20 Febuluwale, patangopita masiku awiri chichitikireni Maha Shivaratri. Kumeneko machenjezo a namondwe amawaika m'magulu, kuyambira 1 mpaka 4, ndipo likafika la 3 mabasi amaima, masitolo amatseka, ndege siziuluka. Mukasankha miyezi imeneyi, siyani tsiku limodzi kapena awiri opanda pulogalamu, ndipo gulani tikiti yololeza kusintha tsiku. Amene safuna mtima kukhala m'mwamba asankhe Divali. Koma mutandifunsa ine, ndinganene kuti Maha Shivaratri, mvula ndi matope ake omwe.

Chachiwiri: mapepala ndi njira

Kuchoka ku Lilongwe, Blantyre kapena Lusaka, mudzadzera ku Johannesburg kapena ku Nairobi. Kuchoka ku Johannesburg ndi ulendo wa maola pafupifupi anayi. Ndege imatera pabwalo la Sir Seewoosagur Ramgoolam, kummwera chakum'mawa pafupi ndi tauni ya Mahébourg, makilomita pafupifupi 48 kuchoka ku likulu, Port Louis. Wotchi yanu muipititse patsogolo ndi maola awiri.

Mauritius ndi membala wa SADC ndi COMESA ngati ife, ndipo wokacheza ali ndi pasipoti ya Malawi kapena Zambia samafunika kukatengeratu viza. Komabe a zoona za olowa m'dziko amafuna kuona tikiti yobwererera, umboni wa kumene mukagone, ndi umboni woti muli ndi ndalama zokwanira masiku anuwo. Sindikizani zonsezi papepala, foni imatha moto pa nthawi yolakwika. Palinso fomu ya alendo yolembera pa intaneti musananyamuke.

Musadabwe a zaumoyo akakufunsani za malungo. Dzikoli linathetsa malungo ndipo silifuna kuti abwerere, choncho wochokera kudziko la malungo amatha kumulondola kumene akugona kuti amubaye chala n'kutenga kadontho ka magazi. Si chipongwe, ingoperekani chala. Ndipo munthu aliyense asakupatsireni kaphukusi koti mukapereke kwa mnzake. Malamulo awo pa chamba ndi mankhwala ozunguza bongo ndi okhwima zedi, zaka zambiri m'ndende.

Ndalama yawo ndi rupee ya Mauritius. Kwacha sasintha kumeneko, nyamulani madola, mayuro kapena marandi. Masoketi ambiri ndi a mano atatu ngati athu, ndipo galimoto zimayenda kumanzere ngati kwathu.

Chachitatu: kogona

Chilumbachi n'chaching'ono: makilomita pafupifupi 65 m'litali, ngati kuchoka ku Blantyre kukafika ku Zomba, ndi 45 m'lifupi. Anthu ake ndi opitirira pang'ono 1.2 miliyoni. Kulikonse kumene mungagone mukhoza kufika mbali ina tsiku lomwelo. Mahotela akuluakulu a m'mbali mwa nyanja ndi odula ndipo amakutsekerani kutali ndi eni dziko. Funani kanyumba kobwereka kokhala ndi khitchini kapena nyumba ya alendo yoyendetsedwa ndi banja. Wa Maha Shivaratri agone ku Curepipe, Vacoas kapena Quatre Bornes, chifukwa misewu ya amwendamnjira imadutsa kumeneko. Wa Divali agone kumpoto, kufupi ndi Triolet. Wofuna nyanja pakhomo pamtengo wosaboola thumba ayang'ane Flic en Flac kapena Mahébourg.

Mabasi ndi otsika mtengo, ndipo pali sitima yamagetsi ya Metro Express yochoka ku Port Louis kudzera ku Rose Hill, Quatre Bornes ndi Vacoas mpaka ku Curepipe. Koma mabasi a kumidzi amaweruka msanga, dzuwa likangolowa. Ine ndinaphunzira mowawa: ndinachedwa ndi kujambula dzuwa likulowa kugombe la kummwera, n'kuima pasiteji ola lathunthu ndikuyembekeza basi yomwe inali itagona kale kudepoti. Wa takisi amene ananditola anandidula ndalama yomwe ndikanadyera masiku awiri. Muzifunsa kondakitala m'mawa momwe kuti basi yomaliza imabwerera nthawi yanji, ndipo wa takisi muzigwirizana naye mtengo musanakhale pampando.

Chingerezi chimamveka pafupifupi paliponse, manyuzipepala ambiri ndi a Chifalansa, koma chilankhulo cha pamsika ndi Chikiliyo cha kumeneko. Mawu atatu akutsegulirani zitseko: "Bonzur" popereka moni, "Ki manier?" pofunsa kuti muli bwanji, ndi "Mersi" pothokoza.

Chachinayi: tsiku loyamba, kayambireni pamasitepe 16

Musanaone kachisi aliyense, pitani ku Aapravasi Ghat ku Port Louis, m'mbali mwa doko, pafupi ndi depoti ya mabasi opita kumpoto. Poyang'ana koyamba palibe chodabwitsa: makoma a miyala yakuda, zotsalira za chipatala, khitchini, mosambira, ndi masitepe 16 ochokera kumadzi. Koma popanda malo amenewa zonse zimene mukaone pambuyo pake simungazimvetse.

Angerezi atathetsa ukapolo, zomwe ku Mauritius zinachitika pa 1 Febuluwale 1835, eni minda ya nzimbe anasowa owagwirira ntchito. Anatembenukira ku India. Gulu lomwe limakumbukiridwa ngati loyamba linafika pa 2 Novembala 1834 pa sitima yotchedwa Atlas, anthu 36, ndipo tsikuli ndi holide mpaka lero. Kuchokera 1834 kufika 1920 anthu pafupifupi theka la miliyoni anabwera pakontilakiti, ambiri ochokera ku Bihar ndi madera oyandikana nawo kudzera padoko la Calcutta, ena Atamil ndi Atelugu kudzera ku Madras, ena Amarathi kudzera ku Bombay. Depotiyi inatsegulidwa mu 1849. Munthu ankakwera masitepewo, kupimidwa, kupatsidwa nambala, n'kutumizidwa kuesiteti. Kontilakiti inali ya zaka zisanu, malipiro a mwamuna marupee asanu pamwezi, ndipo ukajomba tsiku limodzi ankakudula malipiro a masiku awiri.

Amene agogo ake anadinda chala kwa Wenela n'kupita ku migodi ya ku Joni, kapena anamvapo za thangata m'maesiteti a ku Thyolo, nkhaniyi saimva ngati yachilendo. Angerezi ataona kuti njirayi yawapindulira anaifalitsa: ku Guyana, ku Trinidad, ku Fiji, ndi ku Natal kuyambira 1860, komwe kunachokera Amwenye ambiri a ku Durban. UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika malowa pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Patulani maola awiri, ndipo muwerenge nkhope za pazithunzi zakale zomwe zili m'nyumba yofotokozera mbiri pambali pake, aliyense ndi nambala yake.

Mukatuluka, yendani wapansi kupita ku msika waukulu, nthawi ya nkhomaliro itakwana.

Chachisanu: idyani poimirira

Chakudya cha dziko lonse ndi dholl puri. Ndi kachapati kofewa, kopyapyala ngati mpango, kachikasu, komwe mkati mwa ufa wake amaikamo nsawawa zouma zophika n'kupera. Wogulitsa amatenga tiwiri, kupaka nyemba zazikulu zophikidwa ndi kale (curry), supu ya matimati yotchedwa rougaille ndi tsabola, kupinda, kukulunga papepala, zonse m'masekondi ochepa. Amagulitsa tiwiritiwiri, osapempha kamodzi. Pomwe pali mzere wautali wa anthu a m'maofesi ndi pomwe pali wokoma. Akafunsa za tsabola, vomerani pang'ono kaye. Ngakhale wozolowera kambuzi amatuluka thukuta. Weramirani kutsogolo poluma, apo ayi malaya aona zakuda.

Yesaninso gato pima, timipira tokazinga ta nsawawa zogaya ndi tsabola, tomwe amadya ndi buledi m'mawa; briani, mpunga wa nyama ndi mbatata womwe Asilamu a kumeneko ndiwo akatswiri ake; ndi alouda, mkaka wozizira wotsekemera wokhala ndi tinjere toterera. Wina akakuitanani ku ukwati wa Chihindu, musakane ngakhale pang'ono. Amakukhazikani pabenchi, kuyala tsamba la nthochi, n'kukuikirani ndiwo zamasamba zisanu ndi ziwiri ndi timapuri totentha. Kudya ndi manja ife si nkhani, ingokumbukirani kuti ndi dzanja lamanja. Ukwati usanachitike amayi achikulire amaimba nyimbo za Chibhojpuri zotchedwa geet gawai, akuomba ng'oma ndi kugogoda kamphika kachitsulo ndi masipuni. Mukatseka maso mungayese muli pachilangizo cha mkwatibwi kwathu.

Chachisanu ndi chimodzi: Ganga Talao

Apa ndi pamene pali mtima wa ulendo wonse. Ganga Talao, yomwe pamapu ambiri imalembedwa Grand Bassin, ndi nyanja yaing'ono ya m'chibowo cha phiri lomwe kale linkaphulika, kumapiri a kummwera, mamita pafupifupi 550 pamwamba pa nyanja ya mchere. Mbiri yake imati mu 1897 wansembe wina wa ku Triolet analota kuti madzi a nyanjayi ndi amodzi ndi a Ganges, mtsinje wopatulika wa ku India, ndipo chaka chotsatira anthu anayamba kuyenda wapansi kukatunga. Kwa anthu omwe sakanatha kubwerera ku India, Ganges anali atawatsatira. Mu 1972 anabweretsa madzi enieni a mu Ganges n'kuwathira m'nyanjayi. Polowera pali chiboliboli cha Shiva chotchedwa Mangal Mahadev, chotalika mamita 33, chomwe chinatha mu 2007, ndipo pafupi pake pali china cha mulungu wamkazi Durga ali ndi mkango wake.

Cholakwa cha alendo ambiri n'kupita pa tsiku lenilenilo la holide ya Maha Shivaratri. Pofika tsikulo amwendamnjira ambiri amakhala atabwerera kwawo ndi madzi, kukawathira pa mwala wopatulika wa Shiva m'makachisi a m'midzi yawo usiku wonse. Gulu lalikulu limakhala panjira masiku atatu, anayi kapena asanu tsikulo lisanafike. Amenewo ndiwo masiku anu.

Muchite chonchi. Dzukani mbandakucha, kapena pitani madzulo ndithu n'kukachezera komweko, chifukwa masana misewu imadzaza mpaka galimoto kuyenda ngati kamba. M'masiku amenewa kumakhala mabasi apadera opita kunyanjako. Tsikani patali, makilomita awiri kapena atatu, muyende nawo limodzi. Valani zoyera kapena zowala, zophimba mapewa ndi mawondo. Chitenje chimagwira ntchito bwino kwambiri. Tengani juzi ndi chodzitetezera ku mvula, chifukwa kumtundako kumachita chifunga ndi mvula yowaza ngati pa Zomba. Nsapato zikhale zovula msanga, patapata ndiye bwino, popeza muzivula pakhomo pa kachisi aliyense ndi pamasitepe otsikira kumadzi. Lamba ndi chikwama chachikopa zisiyeni kunyumba. Tsiku limenelo musadye nyama, musamwe mowa, musasute. Anzanuwo akhala akusala zimenezi kwa masiku ambiri.

Panjira mudzaona makanwar. Kale linali goli lansungwi lonyamulira timiphika ta madzi. Lero achinyamata a mudzi uliwonse amamanga chinthu chonga kachisi woyenda, chokutidwa ndi nsalu, mapepala amitundumitundu, timagalasi ndi mabelu, ena ochita kukankha pamateyala anyamata khumi kapena kuposa. Apatseni njira ndipo musawakhudze. Musayendenso pafupi kwambiri ndi ataliatali podutsa pansi pa mawaya a magetsi: mu Malichi 2024 ku Arsenal kanwar inagunda mawaya n'kuyaka, ndipo amwendamnjira achinyamata anataya miyoyo.

M'mbali mwa msewu mabanja ndi magulu amamanga matenti n'kumagawa madzi, juwisi, tiyi, zipatso ndi chakudya chotentha kwaulere kwa aliyense wodutsa. Safunsa mpingo. Mayi wina wachikulire anandigwira pamkono, n'kundikhazika pampando wapulasitiki, kundipatsa kapu ya tiyi wamkaka ndi puri wa mbatata. Nditapisa m'thumba anandiyang'ana ngati ndamutukwana. Landirani ndi manja awiri monga tinaleredwera, thokozani, musatulutse ndalama.

Kunyanjako mabanja amaima m'madzi ofika m'akakolo, pa timatebulo tasimenti ayalapo nthochi, kokonati, maluwa ndi lubani, n'kuyatsa kamoto patsamba. Utsi wa lubani umasakanikirana ndi chifunga, mabelu akulira mbali zonse. Nsomba za m'nyanjayi ndi zonenepa chifukwa palibe amene amaziwedza, ndipo musayerekeze. Apusi ndiwo akuba a pamalopo. Wina anandilanda nthochi m'manja ndikuyang'ana kumbali. Pojambula, chiboliboli ndi nyanja jambulani momasuka, koma munthu amene akupemphera mupempheni kaye, ndipo musaime pakati pa iye ndi chimene akupembedza.

Funso lomwe Mkhristu kapena Msilamu wa kwathu amakhala nalo ndi ili: kodi ndikakakamizidwa kuchita nawo? Ayi. Wansembe akhoza kukuitanani kuti akuikeni kadontho kofiira pamphumi kapena kukupatsani chipatso choperekedwa kale nsembe. Ngati chikumbumtima chanu sichilola, ikani dzanja pachifuwa, weramani pang'ono, nenani "Mersi", n'kupitirira. Palibe amene amakwiya. Chimene sichiyenera n'kuseka, kuloza ndi chala, kapena kuyamba kulalikira pamalo a eni.

Ngati mwasankha Cavadee kapena Divali

Cavadee ndi ya olimba mtima. Atasala masiku khumi, opembedza mulungu wawo Muruga amasonkhana kumtsinje m'mawa atavala zofiirira, ena n'kubooledwa lilime, masaya ndi msana ndi tisingano tasiliva. Amasenza chimtengo chopindika chokongoletsedwa ndi maluwa, pomwe apachika timiphika ta mkaka, n'kuyenda osavala nsapato pa tala wotentha mpaka kukachisi. Imani m'mbali mwa msewu, musadutse pakati pa mzere. Kachisi wa Kaylasson, kumpoto kwa Port Louis, ndi malo abwino oonerapo.

Divali ndi yofatsa, yabwino kupita ndi ana. Dzuwa likamalowa mabanja amayatsa tinyale tadothi m'makonde, pamipanda ndi m'njira, ndipo nyumba zina amazikuta ndi magetsi kuyambira padenga mpaka pansi. Pitani ku Triolet nthawi ikadalipo, muone kachisi wakale wa Maheswarnath kukadawala, kenako muziyenda wapansi mumsewu waukulu. Anansi amagawana timabokosi ta zotsekemera, makamaka gato patat, kachitumbuwa ka mbatata ya kholowa kokhala ndi kokonati mkati. Ngati mukugona kwa banja, bokosi lanu lifika ndithu.

Masiku otsalawo

Kuchoka ku Ganga Talao, tsiku limodzi limakwana kuona minda ya tiyi ya Bois Chéri, nkhalango ya Black River Gorges, mathithi a Chamarel otalika pafupifupi mamita 100, ndi dothi la mitundu isanu ndi iwiri. Kunena zoona dothilo ndi kamalo kochepa, mphindi makumi awiri zakwana, ndipo wa ku Mulanje sangadabwe ndi tiyi. Kumpoto kuli munda wa zomera wa Pamplemousses wokhala ndi maluwa a m'madzi a masamba aakulu ngati lichero, ndipo pafupi pake fakitale yakale ya shuga ya Beau Plan anaisandutsa nyumba yosungira mbiri ya nzimbe. Mafupa a dodo, mbalame yomwe inatha m'zaka za m'ma 1600, ali ku nyumba ya zachilengedwe ku Port Louis.

Koma Le Morne musaiphonye. Ndi phiri lamwala la mamita 556 pansonga ya kummwera chakumadzulo, pomwe akapolo othawa ankabisala m'mapanga. Akapolo ambiri a pachilumbachi anachokera ku Madagascar ndi kugombe la Mozambique, ndipo pakati pa omwe ankangotchedwa "Mozambique" panali Amakua, Ayao ndi Amaravi ogwidwa kumtunda kuno. Nkhani yomwe anthu amasimba imati asilikali atakwera kukawauza kuti ukapolo watha, iwo anayesa abwera kudzawagwira, ndipo anadziponya kuphompho. UNESCO inalemba phirili mu 2008. Kwerani m'mawa kwambiri, ndi madzi okwanira ndi nsapato zogwira. Chigawo chomaliza n'chokwawa ndi manja, ndipo kukagwa mvula musayese. Zidzukulu za akapolowo ndizo eni sega, gule wa ng'oma yaikulu yachikopa cha mbuzi yotchedwa ravanne, yomwe amaiwamba pamoto isanaombedwe, monga timachitira ndi ng'oma zathu. Funsani eni nyumba kumene kukuvinidwa sega ya m'mudzi, osati ya pahotela.

Pobwerera

Zogula za kunyumba, monga nsalu za sari, zokometsera ndiwo ndi tiyi wa vanila, mukagule ku msika wa Quatre Bornes, wa Flacq Lamulungu kapena wa Mahébourg Lolemba, osati pabwalo la ndege. Kunenerera mtengo n'kololedwa pa nsalu, koma osati pa chakudya. Zigoba za m'nyanja ndi makorali zisiyeni pomwe mwazipeza. Marupee otsala muwasinthe kukhala madola musanakwere ndege, chifukwa mukafika nawo ku Chileka ndi mapepala chabe.